Ma noodles anabwerera, mathithi sanabwerere

Mu June 2021 foni ya mkazi wanga inalira tili pa chakudya chamadzulo. Anali amayi ake. Ndinangoona nkhope yasintha, iye akuti, "Ayi Amayi, sizoona zimenezo. Mwamva kwa ndani?" Mtima wanga unagunda. Tinali m'kati mwa mliri wa Covid-19, ndipo masiku amenewo foni yamadzulo inkanunkha maliro. Ndinabweza mbamu m'mbale n'kumadikira kumva dzina la amene watisiya.

Atadula foniyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Akuchotsa ma noodles ku 'Ohana."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinalakwitsa, chifukwa m'nyumbamo wosekayo ndinali ndekha.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu. Mkazi wanga ndi mbadwa ya konkuno. Pamene ndinkalowa m'banja lawo ndinkadziwa kuti ndidzaphunzira zachilendo zambiri, monga kudya nkhukundembo youma mu November ndi kufosholo chipale chofewa pakhomo. Sindinkadziwa kuti banjali lili ndi kumudzi kwake, ndiponso kuti kumudziko ndi hotela ya ku Florida, ulendo woyendetsa galimoto usana wonse ndi usiku womwe.

Hotelayo ndi Polynesian Village Resort, ya ku Walt Disney World, malo aakulu achisangalalo a pafupi ndi Orlando. Inatsegulidwa pa 1 October 1971, tsiku limodzi ndi paki ya Magic Kingdom komanso hotela inzake ya Contemporary, ija imene kasitima ka njanji imodzi kamadutsa m'kati mwake mwenimweni. Anaimanga moyerekeza zilumba za m'nyanja ya Pacific: nyumba zazitali zamadenga osongoka, migwalangwa, miyuni yoyaka usiku, ndi nyanja yochita kukumba yotchedwa Seven Seas Lagoon. 'Ohana ndi lesitilanti ya pamwamba pa nyumba yaikulu ya hotelayo. Dzinalo ndi la Chihawaii, limatanthauza banja. Mumalipira mtengo umodzi, amakubweretserani zakudya m'mbale zazikulu zodyera pamodzi, ndipo mbale ikatha amabweretsa ina mpaka mutanena nokha kuti basi.

Mapaki onse anatsekedwa mu March 2020, ndipo 'Ohana inadzatsegulidwanso mu July 2021 zinthu zina zitasintha. Kale operekera zakudya ankayenda ndi zitsulo zazitali zotungira nyama kuchokera pamoto wa pakati pa lesitilanti, n'kumakugwetserani nyama yotentha m'mbale. Tsopano nyama inkabwera itaikidwiratu m'chiwaya. Anthu anang'ung'udza koma anapirira. Koma lesitilantiyo isanatsegulidwe n'komwe, itamveka mbiri yoti ma noodles nawonso achotsedwa ndipo m'malo mwake mukhala mpunga wokazinga, zinavuta. Pa Facebook, pa Twitter, pa YouTube, anthu akuluakulu, ena a zidzukulu, analemba ngati boma lakweza mtengo wa feteleza. Pasanathe masiku, kampani ya Disney inalengeza pa masamba ake a mchezo kuti ma noodles sachoka. Apongozi anaimbanso foni, ulendo uno mawu ali m'mwamba ngati timu yawo yatenga chikho.

Ine panthawiyo ndinali nditaweruza kale kuti awa ndi mavuto a anthu okhuta. Ndinafotokozera anzanga pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo tinaseka usiku wonse. Wina anati, "Tiwatumize ku mzere wa petulo, akaone chodandaula."

Maganizo anga anayamba kusintha chifukwa cha khoma la m'kanjira kopita kuchipinda cha apongozi. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri osaima, mwina chifukwa kwathu mkamwini sayendayenda kufupi ndi chipinda cha apongozi. Tsiku lina ndinakawakonzera babu, ndipo ndili pa mpando ndinaziona bwino. Zithunzi zoposa 20, zondandalikidwa pa mzere umodzi, zonse zojambulidwa pamalo amodzi. Kumbuyo kuli chimulu cha miyala, zomera zamasamba aakulu ndi madzi akugwa. Choyamba muli mnyamata wa ndevu zam'mbali ndi mtsikana wa maluwa m'khosi, angokwatirana kumene m'zaka za m'ma 1970. Kenako muli khanda. Kenako ana awiri. Mkazi wanga akuoneka mano akutsogolo ataguluka, kenako ali ndi mawaya m'mano, kenako wapitirira amayi ake msinkhu. Bambo uja tsitsi likuyera, mimba ikukula, kenako akuonda kwambiri. Pa chithunzi chomaliza ali pa njinga ya olumala. Madzi aja akugwabe chimodzimodzi.

Mathithiwo anali pakati penipeni pa malo olandirira alendo a ku Polynesian kuyambira 1971. Mu 2014, pokonzanso hotelayo, anawagumula. Pamalopo anaikapo mipando yambiri, kakasupe kakang'ono ndi chosema cha Maui, ngwazi ya m'nthano za ku zilumba za Pacific. Apongozi aamuna anali atamwalira kale. Amayi anandiuza kuti chimene amachikumbukira kwambiri ndi fungo. Ukangolowa pakhomo unkalandiridwa ndi fungo la chinyontho, la dothi lonyowa ndi maluwa, ndipo thupi linkadziwa lokha kuti tchuthi chayamba. Ndinkaganiza kuti ndi iwo okha, koma pali makampani ang'onoang'ono amene amagulitsa makandulo oyerekeza fungo la mahotela amenewa, ndipo amayenda malonda.

Nditayamba kutchera khutu ndinapeza kuti maliro oterewa ndi osatha ngakhale pa mahotela ena a Disney. Ku Grand Floridian, hotela yoyera yamadenga ofiira imene inatsegulidwa mu 1988, kunali bandi yoimba madzulo aliwonse pakhonde la m'kati. Ntchito yake inatha mu 2020 itaimba zaka 32. Bala ya Mizner's pa hotela yomweyo inasandutsidwa Enchanted Rose mu 2019. Ku Wilderness Lodge, lesitilanti ya Artist Point, kumene akuluakulu ankapita kukadya nsomba mwakachetechete, mu 2018 inakhala malo odyera ana akujambulitsa ndi Snow White. Ku Contemporary, lesitilanti ya The Wave inalowedwa m'malo ndi Steakhouse 71 mu 2021, ngakhale apa ambiri anavomereza kuti chatsopanocho n'chabwino. Ku BoardWalk anatseka ESPN Club, kumene abambo ankathawira kukaonera mpira, ndipo mu 2024 panatsegulidwa Cake Bake Shop, yochokera kwathu konkuno ku Indianapolis. Anthu ataona kuti kachidutswa kamodzi ka keke kakupitirira madola 20, nkhaniyo anaikamba mwezi wathunthu.

Yondiseketsa kwambiri ndi ya ku dziwe losambira la BoardWalk. Ana ankatsetsereka n'kutulukira m'kamwa mwa chinkhope chachikulu cha clown, munthu wanthabwala wodzipaka utoto kumaso, ndipo kwa zaka zambiri aliyense ankati chinthucho n'choopsa, chimalotetsa ana. Atachichotsa n'kuikapo Mickey Mouse, anthu omwewo anayamba kuchilira.

Kumayambiriro kwa 2025 ndinapita nawo koyamba: ine, mkazi wanga, mwana wathu wamkazi wa zaka 7, ndi Amayi. Pachipata mlonda anayang'ana pa kompyuta yake n'kunena mawu amene ndinawamva mobwerezabwereza sabata yonseyo: "Takulandirani kuno kwanu." Sananene kuti takulandirani ku hotela yathu. Anati kwanu. Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene akupatsidwa ulemu womuyenera, ndipo apa m'pamene ndinayamba kumvetsa gwero la mkangano wonsewu.

Moni umenewu ndi wa mamembala a Disney Vacation Club, dongosolo limene linayamba mu 1991. Munthu amalipira ndalama zambiri kamodzi, madola masauzande makumimakumi, n'kugula mapointi pa hotela imene wasankha. Chaka chilichonse amalandira mapointi omwewo oti asinthanitse ndi masiku ogona, ndipo chaka chilichonse amalipiranso ndalama yosamalira malowo. Panganolo limatenga zaka pafupifupi 50, limalembedwa ngati katundu, ndipo ukhoza kuligulitsa kapena kusiyira ana. La ku Polynesian lidzatha mu 2066. Amayi anagula lawo ndi gawo la ndalama zimene malemu anasiya, mathithi atachoka kale, chifukwa akuti sakanatha kupita kwina.

Tsono taganizani. Munthu mwamuuza kuti kuno n'kwanu, wasaina pangano la zaka 50, akulipira msonkho wa pakhomo chaka ndi chaka. Mukadzasuntha mipando osamufunsa, adzalankhula ngati mwini nyumba. Ine kudabwa kwanga kunathera pamenepo. Kampani inadzala yokha mtima umenewu, mwadala, chifukwa munthu amene amaona hotela ngati kumudzi safunsa mtengo kawiri. Amene alibe mapointi amalipira madola oposa 600 usiku umodzi m'nyengo zambiri, pa chipinda chimene mtunda wochepa kunja kwa mpanda akanachipeza ndi kagawo chabe ka ndalamazo. Wolipira ndalama zimenezi akufuna kuti akadzabweranso adzapeze zinthu pamene anazisiya, ndipo lonjezo limenelo silinalembedwe paliponse m'panganomo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ku Florida mlendo amamutcha mwini mudzi, koma likafika tsiku lomaliza pofika 11 koloko m'mawa akhale atatulutsa zikwama.

M'mawa woyamba Amayi anandidzutsa kuti tikayende m'mbali mwa nyanja. Tinadutsa tinyumba 20 tomangidwa pamwamba pa madzi mu 2015, timene timalipitsa madola masauzande usiku umodzi, ndipo okonda malowa amati tinatchinga gombe limene anthu ankakhalapo poonera makombola a ku Magic Kingdom. Kenako tinafika pa nyumba yatsopano ya nsanjika 10, Island Tower, imene inali itangotsegulidwa mu December 2024. Amayi anaima n'kuloza pansi.

"Achimwene," anatero, chifukwa anamva anzanga akunditchula choncho ndipo anaganiza kuti ndi dzina laulemu la mkamwini, ine sindinawakonze, "apa m'pamene panali magule."

Amanena za Luau Cove, bwalo limene kwa zaka pafupifupi 50 alendo ankadyera chakudya chamadzulo akuonera magule a ku Hawaii, Tahiti, New Zealand ndi Samoa, kuphatikizapo uja wovina akuzunguza mpeni woyaka moto. Kumapeto kwake chionetserocho chinkatchedwa Spirit of Aloha. Chinaima mu March 2020 ngati zina zonse, ndipo mu 2022 kampaniyo inalengeza kuti sichidzabwereranso, pamalopo pamangidwa zipinda za mamembala. Anthu analira kuposa mmene analirira ma noodles. Anati nyumbayo ikuoneka ngati hotela wamba ya pafupi ndi bwalo la ndege, yotalika mosagwirizana ndi zinzake. Palibe chimene chinasintha. Magirediya anabwera.

Okonda Disney amakonda kunena kuti mawu awo amamveka, ndipo umboni wawo ndi ma noodles. Ine ndikuona kuti amamveka pamene kumva kuli kotchipa. Ma noodles ndi ufa, mafuta ndi msuzi, kuwabwezera ndi nkhani ya kusintha pepala la kukhitchini, ndipo kampani imapindulapo mbiri yoti imamvera makasitomala. Bwalo la magule linali pa malo a m'mbali mwa nyanja, moyang'anizana ndi paki, pamene pangakwane zipinda mazana zogulitsa kwa zaka 40 zikubwerazi. Bandi ndi malipiro a anthu, madzulo aliwonse, popanda tikiti yolowera. Basi yaulere ya Magical Express, yonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege la Orlando, inasiya kuyenda kumayambiriro kwa 2022, ndipo kudandaula konse sikunaibweze. Chimodzi chachikulu chimene chinabwezedwa ndi ndalama yoimikira galimoto usiku pa mahotela, imene inayamba mu 2018 n'kuchotsedwa mu January 2023. Koma chimenecho chinachitika patangopita milungu yochepa Bob Chapek atachotsedwa pa mpando wa mkulu wa kampaniyo ndipo Bob Iger atabwerera, nthawi imene mkulu wobwererayo ankafunika kuoneka kuti ndi wosiyana ndi mnzake.

Sindikunena kuti zonse zatsopano n'zoipa. Pamene panali mathithi tsopano agogo otopa amapeza pokhala, ndipo ukalowa pakhomo maso amafika mpaka kunja. Nyumba ya zaka zoposa 50 m'chinyezi cha Florida singakhale osaikonza. Anthu a mbali inayo amakonda kukumbutsa kuti Walt Disney mwini ananena kuti paki yake sidzamalizidwa kumangidwa, ndipo mawuwa amawatulutsa pa mkangano uliwonse monga mmene mlaliki amatulutsira vesi limodzi pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Mwana wanga ndiye anandisokoneza kwambiri. Mu 2021 zipinda zambiri za ku Polynesian anazikongoletsa ndi zithunzi za filimu ya Moana, za ku Contemporary ndi za The Incredibles. Akale amadana nazo. Amati kale hotela inkakutengera ku malo, pano imakutengera ku malonda a filimu. Ndikuwamvetsa. Koma tsiku lina tinalowa m'chipinda cha anzawo a Amayi amene anali pa hotela yomweyo, ndipo kamtsikana kanga kanapeza tambala wopusa wa m'filimu ija atajambulidwa pakhoma. Kanakuwa ngati kapeza ndalama. Iko sikadziwa mathithi, sikadziwa magule. Hotela imene ikaidziwa ndi iyi ya 2025, ndipo tsiku limene adzachotse tambalayo kadzakhala pa foni kakulira, mwamuna wake akuseka.

Madzulo a tsiku lachitatu tinapita ku 'Ohana. Mnyamata wotilandira anatitcha asuweni, chifukwa kumeneko mlendo aliyense ndi msuweni. Ndinayang'ana apongozi, n'kuyang'ana mnyamatayo, n'kukumbukira zimene chisuweni chimalola kwathu, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Kenako mbale inabwera, imodzi, ya tonse. Agogo anga akanadzuka kumanda kundiona ndikupisa m'mbale imodzi ndi apongozi akazi. Munali mapiko a nkhuku, tizitumbuwa ta nyama ya nkhumba, ndi ma noodles otchuka aja, abulauni, onyezimira mafuta, otsekemera pang'ono, okhala ndi timasamba apa ndi apo. Amayi anandiyang'anitsitsa ndikutafuna.

Anali abwino. Koma ndinene zoona, mkazi wanga akhoza kuphika otero Lachiwiri lililonse. Ndinati, "N'zokoma kwambiri, Amayi." Iwo anati malemu ankapempha mbale yachiwiri ya ma noodles nyama isanafike, ndipo chaka chilichonse ankakhuta msanga n'kulephera kudya buledi wa nthochi wa kumapeto, chaka chilichonse ankalumbira kuti ulendo wina adzachenjera. Anaitanitsa mbale yachiwiri. Sitinaimalize.

Tsiku lotsatira linali langa. Ndinapempha kuti tikadye ku Animal Kingdom Lodge, hotela yoyerekeza Africa imene inatsegulidwa mu 2001, chifukwa ndinamva kuti lesitilanti yake ina imatchedwa Boma. Dzinalo analitenga ku tanthauzo la mpanda wotchinga, koma ine ndinafuna kudzauza anthu kumudzi kuti ndinakadya ku boma ndipo ndinakhuta. Ndinapita nditakonzeka kunyoza. Denga looneka ngati laudzu, zishango, mikondo, akadyamsonga akudya masamba kunja kwa zenera, Africa yense kumuthira mumphika umodzi. Ndi Africa uja amene amachititsa anzanga a kuntchito kundifunsa ngati kwathu mikango imadutsa pakhomo. Ndinaganiziranso kuti munthu wa ku Samoa akalowa ku Polynesian mwina amamva chimodzimodzi.

Kenako pa mzere wa zakudya ndinaona pap ndi chakalaka. Pap ndi nsima ya ku South Africa, ndipo iyi inali yofewerapo, koma inali ya chimanga choyera. Pafupi panali bobotie, chakudya cha nyama yogaya cha ku South Africa komweko. Mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko anali ndi baji yolembedwa dzina lake ndi tauni ya kwawo ku Zimbabwe, mmodzi wa achinyamata amene hotelayo imawabweretsa kuchokera ku mayiko a mu Africa kuti adzagwire ntchito kwa kanthawi n'kumafotokozera alendo za kwawo. Anandiona ndikuika supuni pambali. Anangomwetulira n'kundilozera kosamba m'manja. Ndinadya ndi dzanja pakati pa azungu mazana awiri, ndipo mwana wanga anatengera. Pobwerera mu basi ndinadzimva ndikuuza mkazi wanga kuti, "Akadzachotsa pap uja ndiye kuti alakwitsa kwambiri." Iye sanayankhe. Anangotembenukira ku zenera, mapewa akugwedezeka.

Ndinali nditadyako kamodzi kokha. Amayi akhala akudya ku Polynesian kwa zaka pafupifupi 50.

M'mawa wonyamuka tinadya ku Kona Cafe. Amayi anaitanitsa Tonga Toast, chibuledi chonenepa chothiramo nthochi m'kati, chokazinga m'mafuta n'kuchigubuduza mu shuga ndi sinamoni, chimene chakhala chikuphikidwa pa hotelayo kuyambira kalekale ndipo palibe amene walimba mtima kuchikhudza. Anachidula panayi, aliyense chidutswa chake. Titatsika pansi anandipatsa foni yawo kuti ndiwajambule ndi mwana wawo ndi mdzukulu. Ananditsogolera ngati woyendetsa ndege: bwererani m'mbuyo, Achimwene, pitani kumanzere mapazi awiri, ayi mwapitirira, tsitsani pang'ono. Ankayeza ndi masitepe ndi mizati, zimene sizinasunthe, kuti apeze pamene wojambula ankaima kale.

Ndinadina katatu. Pa zithunzi zonse zitatu, pamene pankagwa madzi pali bambo wina wachilendo atakhala pa mpando, kabudula wofiira, akudya ayisikilimu wa chinanazi. Ndinati tidikire achoke. Amayi anati basi ya ku bwalo la ndege siidikira munthu, ndipo tinali titailipira kale.

Mwezi wotsatira ndinapita kukawachotsera chipale pakhomo. Chithunzicho anali atachisindikiza kale, chili m'felemu, chapachikidwa kumapeto kwa mzere uja, bambo wa kabudula wofiira ali momwemo. Pambali pake anakhomeratu msomali wina.